Mmene Liwiro la Kamtengo Linachokera Kunyanja

Ana a masiku ano akamakwera matola kupita ku Zomba kukaonera masukulu akuthamanga mopatsirana kamtengo, amayesa kuti mpikisanowo unabadwira komweko, pa kapinga wometa bwino. Ndikawauza kuti ndi wathu, unabadwira kuno kwa Mwambo pa makande, amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mamawa. Anawo sindiwaimba mlandu. Amene amandipsetsa mtima ndi akuluakulu anzanga amene anaona zonse ndi maso awo, koma ukawafunsa amangoti, "Aa, zakale zimenezo." Zakale inde. Koma ine ndinalipo tsiku limene mpikisanowo unachoka kuno, ndipo alipo ena mpaka lero amene amati ndinauchotsa ndine.

Anauyambitsa ndi aphunzitsi athu a masewero, bambo wamfupi wa kamimba, amene sindinawaonepo akuthamanga ngakhale pothawa mvula. Anabwera pa sekondale yathu yoyendera ya mishoni madzi atangobwerera kumene m'nyanja ya Chilwa pambuyo pa kuphwa kuja, sikimu ya mpunga ya Likangala ikadali yatsopano. Anapeza sukulu yopanda mpira, yopanda jezi, yopanda chilichonse chimene masukulu a m'tauni ankanyadira. Chimene anapeza chochuluka ndi ana oyenda mitunda italiitali m'mawa uliwonse, ambiri a iwo akuthamanga poopa chikwapu cha ochedwa. Iwo anangoti, "Miyendo ilipo kale. Chatsala n'kamtengo basi." Anakadula nsungwi kuseri kwa tchalitchi, n'kuipala ndi chibenthu cha botolo mpaka inasalala.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale, ndipo zaka zoyambazo ndinkaonera nditakwera mumtengo wa mango. Bwalo analambula ndi akulu athu, ndi makasu obwereka kwa makolo. Laimu wolembera mizere kunalibe, ndiye ankathira phulusa la mankhusu a mpunga. Vuto linali lakuti mpikisano unkachitika mpunga utakololedwa, nyengo ya mwera, ndipo mphepo ikangoyamba mizere yonse inkanyamuka ulendo wa kwa Kuntumanji. Chaka china mtsikana wina anayambira mzere wakunja n'kukamalizira wam'kati, ndipo mkangano wake unatha dzuwa litapendeka.

Tsikulo linali ndi mbali ziwiri. M'mawa kunali liwiro la pabwalo, anyamata paokha, atsikana paokha, anayianayi kuzungulira bwalo. Atsikana ankathamanga atavala madiresi opitirira mawondo monga lamulo la nthawi imeneyo linkafunira, dzanja lina litagwira kamtengo, lina litagwira diresi. Koma chimene anthu ankasiyira ntchito zawo chinali cha masana, liwiro la m'thengo, limene aphunzitsi ankalitchula dzina lalitali la Chingerezi, ife n'kulidula kuti kolosi. Nalonso linali la anthu anayi pa sukulu iliyonse. Woyamba ankachoka pasukulu kukafika pachipata cha sikimu. Wachiwiri ankadutsa m'sikimumo, pamwamba pa migula yopyapyala yolekanitsa mapuloti, kwinaku akulumpha ngalande. Wachitatu ankawoloka dambo la makande, n'kulowa kamsewu kodutsa m'mudzi wina, mpaka pa mlatho wa Likangala. Wotsiriza ankanyamuka pamlathopo, mumsewu waukulu wosalala, kubwerera kusukulu kumene khamu linkadikira.

Mphoto yake inali chishango cha thabwa la mlombwa chimene anasema kalipentala wa pamishoni. Ndipo panali lamulo limodzi limene aphunzitsi athu anapanga okha, palibe anawakakamiza: sukulu yopambana kolosi izitenga chishango, ndipo chaka chotsatira mpikisano wonse uzikachitikira kwawo. Lamuloli analipanga ndi matama, tinene zoona. Ankadziwa kuti palibe mwana wa kwina amene angathamange pa makande kuposa mwana wobadwira pomwepo. Makande akauma amang'ambika ming'alu yoti phazi lonse kulowamo, ndipo ukaponda osadziwa umasiya chikhadabo pompo.

Poyamba tinali masukulu atatu okha a m'mphepete mwa nyanja muno, ndipo chishango sichinkatuluka mu ofesi ya ahedi athu kupatula tsiku lochipukuta. Kenako mbiri inamveka. Akuluakulu a chipani a m'dera lino anayamba kubwera ngati alendo olemekezeka, amayi n'kumayamba avina kaye, ndipo zolankhula zinkatalika mpaka ife othamanga tinkazizidwa miyendo tisanayambe n'komwe. Pakhomo lolowera pabwalo pankaima anyamata ofunsa makhadi a chipani. Mnyamata wina wa sukulu ya kumpoto anametedwa tsitsi ndi lumo pamzere woyambira penipeni, ati linali litatalika mopanda ulemu, ndipo anathamanga mutu ukutuluka timagazi. Zimenezo tinkangozitenga ngati mbali ya tsikulo, monga fumbi ndi dzuwa.

Chimene ndikufuna kuti chimveke ndi ichi. Masiku amenewo chilichonse chachikulu chinali ku boma. Chipatala chachikulu chinali ku boma, khoti ku boma, ndende ku boma, ngakhale chithunzi cha pa chiphaso unkakajambulitsa ku boma. Ife ndi amene tinkapita kwa iwo nthawi zonse, pa njinga kapena wapansi, n'kukafika titatuwa, iwo n'kumatinena kuti tikununkha matemba. Pa chaka chonse panali tsiku limodzi lokha limene a ku boma ankakwera lole kubwera kwa ife, n'kumatifunsa ife njira. Tsiku limenelo asodzi ankakoka mabwato kumtunda. Agogo osayenda ankanyamulidwa pa njinga kuti akakhale m'mbali mwa msewu. Ndinkalikonda tsiku limenelo kuposa Khirisimasi, ndipo sindichita manyazi kunena.

Sukulu ya ku boma italowa nawo mpikisano, zaka zoyamba inkatisangalatsa kwambiri. Anyamata ake ankabwera ndi nsapato zoyera zansalu zopaka choko, ndipo pofika pakati pa sikimu wina anali atagwera kale m'ngalande, wina nsapato imodzi itatsalira mumng'alu. Amayi opuntha mpunga ankaseka mpaka kukhala pansi. Koma woseka saona kuti wosekedwayo akuphunzira. Aphunzitsi awo anayamba kuwabweretsa Loweruka lililonse nyengo ikayandikira, kuwavula nsapato, kuwayendetsa pa migula. Choipitsitsa, anayamba kusankha ana athu omwe, a kunyanja kuno, amene anakhoza mayeso n'kusankhidwira kusukulu ya ku tauniyo. Chaka chimene ine ndinali Folomu 2 tinawina ndithu, koma wotsiriza wawo analowa pabwalo wotsiriza wathu asanapume n'komwe.

Aphunzitsi awowo sankabisa mawu. Anati akadzangotenga chishango, kolosi adzaiyendetsa m'mbali mwa phiri, m'mitengo ya paini. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mwana wa kunyanja chikweza chimene amachidziwa ndi chulu. Mpikisano ukanangokwera phiri limenelo, sukanatsikanso.

Chaka chotsatira ndi chimene ndinalowa m'gulu la anayi aja. Anandiika wachitatu, wa makande, chifukwa ndinakula ndikuweta ng'ombe m'dambo lomwelo. Liwiro lenileni ndinalibe, koma sindinkatopa ndipo mapazi anga ankadziwa poponda ine ndisanaganize. Wotsiriza anali mnzanga wa pa desiki imodzi, mnyamata wamtali wowonda, wa kubanja la Chilomwe limene agogo ake anachokera ku Mozambiki. Ameneyo ndiye anali ndi liwiro. Mumsewu wosalala panalibe womugwira m'boma lonse, ndipo a ku tauni ankadziwa zimenezo. Chiyembekezo chathu chonse chinali chakuti ife atatu tingomufikitsira kamtengo a ku tauniwo asanatisiye kutali, zotsalazo amaliza yekha.

Kwawo kunali m'mudzi womwe uja umene kamsewu ka wachitatu kankadutsa. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakula ndi mayi ake, mayi wolima mpunga, wa mawu ochepa. Popeza kwathu kunali kutali, masiku ambiri pochokera kusukulu ndinkapatukira pakhomo pawo. Ankandigawira chimene chilipo osandifunsa ngati ndili ndi njala, ndipo nanenso ndinkawaitana kuti amayi. Chaka chimenecho ankatsokomola kuyambira nthawi yowokera mpunga.

Mpikisano utayandikira, aphunzitsi anatitsekera pasukulu ife anayi. Tinkagona m'kalasi, kudya kwa iwo, kuthamanga m'mawa ndi madzulo. Ankati kumudzi tikadya zosayenera ndipo atituma kukasenza matumba. Mnzangayo anapempha kamodzi kuti akaone mayi ake. Aphunzitsi anatuma mwana wa m'mudzimo kukafunsa, ndipo yankho linabwera lakuti akupezako bwino, asadandaule, athamange. Aphunzitsi anati, "Wamva wekha. Ukawina upita nacho chishango ukawaonetse." Sindikuwanena. Aliyense akanatero.

Tsikulo linafika, la mwera monga mwa nthawi zonse. Za pabwalo zitatha, galimoto ya pamishoni inatenga othamanga kukawasiya m'malo awo. Otsiriza anawapititsa pa mlatho kudzera mumsewu waukulu, ife achitatu anatisiya kumapeto kwa sikimu. Tinadikira pamenepo tikudumphadumpha kuti miyendo isazizire, mpaka tinamva phokoso la ana likubwera m'mapuloti. Woyamba kutulukira anali wathu, matope mpaka m'chiuno, koma kamtengo ali nako. Wa ku tauni anali m'mbuyo ndithu.

Dambo ndinaliwoloka bwino, sindinama. Sindinacheuke, koma makutu ankandiuza kuti palibe phazi lina pafupi. Nditatuluka m'makande n'kuponda mchenga wa kamsewu kolowera m'mudzi, mumtima ndinati basi, chaka chino chathanso.

Pamenepo ndi pamene ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi, zothyoledwa kumene, zitayalidwa modutsa msewu.

Palibe mphunzitsi amene anandiphunzitsapo za masamba amenewo, koma miyendo inaima yokha. Mwana aliyense wa kuno amadziwa. Masamba akakhala pamsewu ndiye kuti m'mudzimo mwagwa maliro, ndipo kuyambira pamenepo mpaka pa masamba ena a kutsogolo, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amatseka. Kuthamanga ndiye sikutchulidwa n'komwe. Aphunzitsi anali atayendera njira yonse dzulo lake, koma chakudza sichiimba ng'oma. Ndinaika manja kumbuyo, kamtengo kali komweko, n'kuyamba kuyenda.

Posakhalitsa ndinamva mapazi kumbuyo. Wa ku tauni uja. Ndinati uyu andidutsa ngati mphepo, za masamba azidziwira kuti. Koma atafika pa nthambi zija ndinamva mapazi asintha. Nayenso anayamba kuyenda. Anali mwana wa munthu, analeredwa. Anandipeza, tinayenda mogundana mapewa, anyamata awiri a makabudula, thukuta lili chuchuchu, aliyense akuyesa kutalikitsa phazi koma osafuna kuoneka kuti akufulumira. Chikanakhala china chinali choseketsa.

Kulira kunkamveka kutsogolo. Ndinkayembekeza kuti tikamayandikira kupatukira kumanja kapena kumanzere, kunyumba za anthu amene sindikuwadziwa. Sikunapatuke. Amayi a m'mudzimo anali atadzaza pakhonde limene ndinkakhalapo ndikamadya, ndipo abambo anali atakhala pansi pa mtengo wa bwemba wa pabwalo pomwepo.

"Iwe! Mnyamata iwe, tabwera kuno."

Anali malume ake a mnzanga uja, mlongo wawo wa mayi ake, mwinimbumba wa pakhomopo. Wa ku tauni anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kuyenda. Ine ndinapatuka. Munthu wamkulu sulankhula naye uli chiimire, makamaka pasiwa, ndiye ndinanjuta patsogolo pawo.

"Si iwe umadya muno?"

"Ndine ndemwe, malume."

"Mnzako ali kuti?"

"Ali pa mlatho. Akudikira kamtengoka."

Anakayang'ana kamtengoko ngati akuona chinthu cha ana osewera m'fumbi. Kenako anati, "Tatuma mwana pa njinga kusukulu kwanuko, mpaka pano sanabwere. Kaya wasochera m'chigulu. Mlongo wanga watisiya m'mawa uno. Iwe miyendo uli nayo, pita ukamuitane. Koma usakalankhule ngati mwana. Usakati amwalira. Ukati amayi zavuta, malume ako akukufuna. Wamva?"

"Ndamva, malume."

"Tsopano lino. Osati akamaliza masewera anuwo."

Ndinadzuka n'kuyendanso, pang'onopang'ono monga poyamba, mpaka pa masamba achiwiri. Wa ku tauni anali atawoloka kale, akuoneka fumbi lokha. Nditangodumpha nthambi zija ndinathamanga mmene sindinathamangirepo chibadwire, ndikulira, mamina ali mbwee, osapukuta. Kuchokera pamudzipo kukafika pa mlatho ndi kamtunda ndithu, koti kulira sikungamveke, makamaka mphepo ikamawombera kwina. M'kamtunda kameneko ndinaganiza zonse. Anthu amene amandinena amayesa kuti nzeru yawoyo ine sinandifikire. Inandifikira. Ndinadziwa kuti ndikhoza kungomuponyera kamtengo m'dzanja osanena kanthu, iye n'kuuluka, n'kukamva uthenga kusukulu chishango chili m'manja. Ndinadziwanso kuti munthu wamkulu wandituma, maso ndi maso, pamaso pa abambo a mudzi wonse, mtembo wa mayi amene ankandidyetsa uli m'nyumba kumbuyo kwake. Ndipo ananena kuti tsopano lino.

Wa ku tauni ndinamupeza. Sindinamudutse, koma pofika pa mlatho ndinali ndikumva kupuma kwake. Anthu anali atadzaza mbali zonse, akukuwa, aphunzitsi athu ali pakati ndi njinga yawo, wezulo ali pakamwa. Mnzanga anali ataima monga anatiphunzitsira: nkhope kutsogolo, dzanja lamanja atalitambasulira kumbuyo, zala zili yasa. Wotsiriza wa ku tauni analandira kamtengo kake n'kunyamuka. Mpata unali wochepa kwambiri. Mnzangayo akanautseka asanafike n'komwe pa chigayo.

Sindinaike kanthu m'dzanja lija. Ndinamuzungulira n'kuima kutsogolo kwake.

"Bweretsa!" anakuwa. "Aise, wapenga? Bweretsa!"

Mpweya unali utandithera. Ndinati, "Malume ako akukufuna. Amayi zavuta."

Anandiyang'ana kumaso. Mawu amenewo kuno aliyense amawadziwa kulemera kwake, n'chifukwa chake akuluakulu amawasankha.

"Wadutsa pakhomo?"

"Eya."

"Masamba aika?"

Malume anandiuza zoti ndikanene, koma sanandiuze zoti ndikayankhe akandifunsa zimenezo. Ndinayang'ana pansi. Kamtengo ndinali nditakagwira kutsogolo, pakati pa iye ndi ine. Anakayang'ana. Kenako anandikankhira pambali n'kuyamba kuthamanga kulowera kumene ine ndinachokera.

Anthu anayamba kuseka, kuyesa kuti wasokonezeka mutu. Aphunzitsi anaimba wezulo mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. "Iwe! Uku! Njira ndi uku!" Kenako anataya njinga pansi n'kundigwira malaya pakhosi. "Wamuuza chiyani? Ndikuti wamuuza chiyani?"

Ndinawauza. Anandisiya pang'onopang'ono. Anachotsa wezulo pakamwa n'kumuika m'thumba. Masukulu ena awiri anafika, anapatsirana timitengo tawo pamaso pathu, n'kupita. Wina m'khamumo anakuwa kuti ndithamange ndine, koma lamulo linkati munthu mmodzi sathamanga kawiri, ndipo lamulo limenelonso analemba ndi aphunzitsi athu omwewo. Anatola njinga yawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pita ukakhale ndi mnzako. Ine ndikapereke chishango cha eni ake."

Ndinabwerera kumudzi kuja wapansi. Amayi a kumeneko anandiuza pambuyo pake kuti mnzangayo anadutsa masamba aja ali pa liwiro, osachepetsa ngakhale pang'ono, mpaka kukagwera pakhomo la nyumba. Palibe anamudzudzula.

Chishango chinakwera lole madzulo omwewo, anyamata a ku tauni akuimba. Mawa lake sukulu yonse inabwera kudzakhuza maliro, aphunzitsi a masewero ali patsogolo, ndipo anagwira nawo fosholo kumanda ngati mdzukulu wamba. Za mpikisano sanandilankhulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka anasamutsidwa. Amene ankalankhula ndi anzanga a m'kalasi ndi abambo a pa gome logulitsirapo matemba. Ankati ndine chitsiru. Ankati kanthawi kochepa chabe, womwalira akanadikira, sathawa. Mmodzi anachita kundiuza kuti ndagulitsa dera lonse chifukwa choopa nkhalamba imodzi. Ameneyo ndinamumenya, ndipo ahedi anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Ndinalikumba mokondwa.

Mpikisano sunabwererenso. Masukulu a ku tauni anayamba kulandirana chishango okhaokha, ndipo patapita zaka lamulo loti wopambana ndiye alandire alendo analichotsa mwakachetechete, ati kunyanja n'kutali ndipo msewu ndi woipa. Msewu womwewo umene ife tinkayenda popita kwa iwo. Chishango cha mlombwa anachisintha ndi chikho chonyezimira, kolosi anaifupikitsa, atsikana anayamba kuthamanga nawo ya m'thengo, zimene ndi zabwino ndithu. Pofika nthawi imene makhadi a chipani anatha, panalibe ndi mmodzi yemwe ku boma amene ankakumbukira kuti zonsezi zinayambira pa phulusa la mankhusu. Bwalo lathu lija theka lake analimapo chinangwa.

Koma mawu a anthu a pa gome sanandilase ngati amene ndinamva kwa mwini wake. Mnzanga anabwerera kusukulu atameta maliro, mutu uli mbee, malaya akumukhwepa. Nthawi yopuma tinakhala awiri pakhonde la kalasi. Ine, kunena zoona, ndinkayembekeza kuti athokoza. Iye anayamba kujambula pansi ndi kachitsotso.

"Ukanangondipatsa," anatero.

Ndinayesa kuti sindinamve bwino.

"Ukanangondipatsa, aise. Amayi anali atapita kale. Sakanapitanso kachiwiri. Ndikanawina, kulira n'kumalira pambuyo. Pano ndilibe amayi, ndilibe chishango, ndipo aliyense akandiona akuona munthu amene anathamangira kolakwika."

Ndinati, "Kanali patsogolo pako. Unakayang'ana ndi maso ako. Bwanji sunatenge?"

"Utandiuza kale? Ndani akanatenga?"

"Nanga ine, atandituma malume ako mtembo uli m'nyumba, ndikanapereka bwanji?"

Belu litalira tinalowa m'kalasi n'kukhala pa desiki yathu yomwe ija, chifukwa panalibe ina. Tinakhalabe mabwenzi, ndinamuperekeza pa ukwati wake, koma nkhani imeneyi sitinaimalize, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawabe, mbali ina chifukwa cha iye, mbali ina chifukwa sindinapeze pomutsutsira.

Iye sanathamangenso. Aphunzitsi anamunyengerera, ahedi anamuopseza, koma anakana. Chaka chotsatira tinakwera lole ife kupita ku Zomba, othamanga okhaokha, popanda asodzi, popanda agogo a pa njinga, ndipo pofika tinachita kufunsa njira ya kubwalo. Popeza panalibe wina, wotsiriza anaika ine. Kamtengo ndinakalandira m'munsi mwa phiri, ndipo pamene ndinkalowa pabwalo anthu anali akupinda mipando.